Kukonza nyumba ku Harare: Disembala, Meyi kapena Okutobala?

M'makomo ambiri a anthu akwathu kuno ku Harare, kaya ndi ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Tafara kapena Epworth, ntchito yaikulu yokonza nyumba imagwera sabata yomaliza Khirisimasi isanakwane. Makatani amatsitsidwa, mabulangete amanyikidwa m'mabafa, mipando imatulutsidwa pabwalo, wina n'kuthamangira m'tauni kukagula chitini cha penti. Zifukwa zake n'zomveka. Ana atsekera sukulu, abale a ku Joni akubwera ndi kangachepe, ena alandira bonasi, ndipo palibe mayi amene amafuna kuti apongozi adzapeze mwaye kudenga. Komabe ine ndikuti pa miyezi yonse ya pachaka, Disembala ndi umene suyenera ntchito yolemerayi, ndipo nyumba zathu zimatidyera ndalama chifukwa timazikonza potsata tchuthi m'malo motsata nyengo.

Mvula ya mumzinda uno, yomwe imakwana mamilimita pafupifupi 800 pachaka, imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo Disembala ndi Januwale ndiye pachimake. Bulangete lochapidwa m'mawa limakumana ndi mitambo dzuwa likangopendeka. Mumalianula lisanaume, mumaliyanika pamsana pa sofa, mawa lake layamba kale kafungo ka chinyezi. Khoma lomwe lamwa madzi siligwira penti. Tsiku la Khirisimasi limawala ndithu, koma pofika Isitala penti ija yatukusira m'munsi, yayamba kusupuka. Pansi mukangomaliza kupukuta, ana alowa ndi katondo kumapazi. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo amalowa m'nyumba tsiku ndi tsiku mpaka dzinja litatha. Ubwino wa Disembala ulipo uwiri. Manja ndi ambiri, komanso madzi a padenga ndi aulere, ndipo sopo amachita thovu msanga m'madzi a mvula kusiyana ndi a pamjigo. Choncho mwezi umenewu usiyireni ntchito zopepuka zouma msanga, monga kutsuka mawindo, kuchapa makatani opyapyala ndi tinsalu ta pamipando, kuchotsa ukonde wa akangaude ndi kupaka polishi wa Cobra pakhonde.

Kumapeto kwa Epulo ndi mwezi wonse wa Meyi ndi nkhani ina. Mvula yakata, dzuwa likadali ndi mphamvu, udzu ukadagwira dothi moti fumbi silinayambe kuuluka. Chachikulu koposa, zitsime za m'makomo ndi mijigo zikadali ndi madzi a m'dzinja, pomwe pofika Sepitembala zambiri zimakhala zitaphwa, mizere ya zigubu itatalika. Masiku opuma aliponso, pa 18 Epulo, 1 Meyi ndi 25 Meyi. Mabulangete ochapidwa nthawi imeneyi amauma tsiku lomwelo, ndipo amakhala okonzeka kudikira usiku wa Juni ndi Julayi pamene kumazizira mpaka madigiri 7, nthawi zina kutsika kuposa apo. Harare ali pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,500, n'chifukwa chake chisanu chake sichisewera.

Ndi mu Meyi momwemo mmene nyumba imaulula zimene dzinja lachita. Kokani wadiropu muichotse kukhoma, makamaka khoma limene mvula imaomba. Mudzapeza timadontho takuda kapena tobiriwira tikukwera kuchokera pansi, nsapato zachikopa zitachita chuku, thabwa la kuseri kwa kabati litafufuma. Pitani ndi chala m'munsi mwa khoma. Ngati chala chikutuluka ndi ufa woyera wochokera mu simenti, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera m'nthaka, osati kudontha kuchokera kudenga. Zimenezi zafala m'madera amene nyumba zinamangidwa m'madambo, ndipo ku Harare malo oterowo ndi ambiri. Penti siichiza vuto limenelo, ingakhale yodula bwanji. Chimathandiza ndi kukumba kangalande kochotsa madzi m'mbali mwa nyumba, ndi kusiya mpata wolowa dzanja pakati pa mipando ndi khoma kuti mpweya uziyenda.

Azakhali anga a ku Mufakose akaona mwana wa m'banja akutsegula chitini cha penti mvula itangokata, amamuletsa. "Iwe mwanawe, khomali lamwa madzi miyezi isanu, ukufuna liume ndi dzuwa la masiku awiri? Tsegula mawindo, ulisiye lipume. Upake Meyi akamatha." Nzeru zimenezi anazitenga kwa bambo awo, amene ankaphika ndi kusamalira nyumba za azungu, monga ankachitira agogo athu ambiri ochokera ku Nyasaland. Malokeshoni ngati Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara anadzaza ndi anthu ogwira ntchito zoterezi. Luso losamala nyumba si lachilendo kwa ife, linangoiwalika pang'ono chifukwa cha kuthamanga kwa moyo wa masiku ano.

Choipa cha Meyi ndi thumba. Teremu yachiwiri imatsegulidwa mwezi womwewo, ndipo fizi ikalipidwa sipatsala ya penti. Apa ndi pomwe bonasi ya Disembala ingagwire ntchito bwino. Gulani chitini chanu pa nthawi imene muli ndi ndalama, musachitsegule, chisungeni pamthunzi mpaka khoma litauma. Zina zonse za mu Meyi zimangofuna madzi, sopo ndi mphamvu.

Ogasiti amakopa chifukwa ana ali patchuthi ndipo pali masiku awiri opuma otsatizana, Lolemba lokumbukira ngwazi za dziko ndi Lachiwiri la asilikali. Koma ndi mwezi wa mphepo. Akamvuluvulu amanyamula fumbi, mapepala ndi phulusa la lupsa n'kuzilowetsa pawindo, ndipo chimene mwapukuta m'mawa madzulo chayera kale ndi fumbi. Kupaka penti mu Ogasiti ndi kumatira fumbi kukhoma. Gwiritsani ntchito manja a anawo posankha katundu: zovala zimene zawachepera, mabuku a makalasi amene anadutsa, ziwiya zobooka zomwe zangodzaza pansi pa bedi. Amene ali ndi sola padenga azipukuta magalasi ake m'mamawa ndi kansalu kofewa konyowa, chifukwa fumbi la miyezi imeneyi limachepetsa magetsi.

Kenako pamabwera Okutobala, jakaranda atachita maluwa m'misewu, kutentha kukuyandikira madigiri 30. Madzi ndiye asowa kotheratu, choncho uno si mwezi wochapa. Ndi mwezi wa ntchito zouma ndi zokonzekera mvula: kutulutsa matiresi padzuwa, kukuntha makapeti, kuyendera denga, kuchotsa masamba m'mipaipi ya madzi a padenga, kutsegula ngalande, kumata ming'alu ya m'makoma ndi kuyang'ana njira za chiswe m'mafelemu a zitseko inswa zisanatuluke ndi mvula yoyamba. Kabowo ka msomali kamene mukanatseka ndi phula mu Okutobala ndi kamene kamaononga siling'i ndi matiresi mu Januwale.

Pamenepa ndiye maganizo anga ndi akuti ntchito yaikuluyi isamachitike kamodzi. Ya madzi ndi penti ipite ku Meyi, ya denga ndi tizilombo ipite ku Okutobala, Disembala atsale ndi yongowalitsa. Wina anganene kuti kugawa chonchi n'kuchulukitsa ntchito, koma chimachitika n'chakuti palibe chimene mumachita kawiri chifukwa choti nyengo inachiononga.

Nsikidzi ndi denga la asibesitosi

Ntchito ziwiri za mu Okutobala zikufunika kuzifotokoza mofatsa, chifukwa zikalakwika zimavulaza anthu.

Nsikidzi sizisankha nyumba yauve kapena yaukhondo. Zimayenda m'zikwama, m'mabasi, m'zovala ndi m'mipando yogula kwa ena, ndipo mu 2025 zinavuta kwambiri m'mafulati a ku Mbare mpaka akhonsolo analowererapo ndi kupopera mankhwala. Pozifufuza, pindani msoko wa m'mphepete mwa matiresi ndi zala ziwiri. Mukaona timadontho takuda tondondozana, timazira toyera kapena timakoko touma, zilipo. Yang'ananinso m'malo olumikizira matabwa a bedi ndi kuseri kwa zithunzi za pakhoma.

Njira yotsika mtengo ndi kutentha. Zofunda ndi zovala zichapidwe m'madzi otentha kufika madigiri 60, misoko isitidwe ndi simbi, ndipo m'malumikiziro a bedi muthiridwe madzi owira. Tinthu tating'ono tingamangidwe m'pulasitiki wakuda n'kusiyidwa padzuwa la masana, koma matiresi okhuthala satentha mpaka m'kati, choncho dzuwa lokha silimaliza nkhondo. Mankhwala opopera a m'sitolo amapha zimene awakhudza, koma mazira amatsala n'kuswa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye wopopera kamodzi amangopuma masiku ochepa. Kuitana odziwa ntchito yopopera n'kodula, koma m'nyumba ya malendi ambiri kapena m'mafulati ndi njira yokhayo yomveka, ndipo imagwira pokhapokha zipinda zonse zitapoperedwa tsiku limodzi. Mukapopera chanu chokha, nsikidzi zimangosamukira kwa aneba n'kudzabwerera. Ndi bwino kugogoda pakhomo n'kunena mosabisa kuti, "Amayi, kwathu zapezeka, tiyeni tisonkhe tipoperetse tonse," kusiyana ndi kuchita manyazi miyezi isanu ndi umodzi.

Pali njira ina imene anthu amanong'onezana, yoika m'chipinda mapiritsi oteteza chimanga kwa anankafumbwe. Musayerekeze. Mapiritsi amenewa akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa poizoni umene umadutsa pansi pa chitseko ndi pamwamba pa khoma losafika kudenga, ndipo oyamba kufa amakhala ana ogona m'chipinda china. Palibe nsikidzi yoyenera mtengo umenewo.

Za denga, nyumba zambiri zakale za m'malokeshoni zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi, mwala umene unkakumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava, migodi imene anthu akwathu ambiri anagwirako ntchito. Denga lotere likakhala losasweka silivuta kwenikweni. Choopsa ndi fumbi lake, lomwe limatuluka mukalipala ndi burashi ya waya, mukaliboola kapena kulidula louma. Fumbi limenelo likalowa m'mapapo silitulukamo, ndipo matenda ake amadzaonekera patapita zaka makumi angapo. Ndere zakuda za padenga zisiyeni, si zimene zimadonthetsa nyumba. Ngati pakufunika kumata, nyowetsani malowo kaye ndipo phimbani mphuno ndi pakamwa. Asibesitosi wakale amaphwanyikanso msanga, choncho wokwera ayale thabwa lalitali n'kupondapo, ndipo mwana asatumidwe kukachotsa masamba padenga lotere ngakhale ali wopepuka.

Madzi ndi mankhwala

Mlangizi aliyense wa zaukhondo amene sawerengera madzi sakulankhula za Harare. M'madera ambiri mpopi umatha masiku osatulutsa kanthu, ndipo ndowa iliyonse ya malita 20 imachita kusenzedwa. Madzi amodzi azigwira ntchito katatu: otsukuluzira zovala akolope pansi, okolopera akathire kuchimbudzi. Yambani kumwamba kutsikira pansi, ndiponso yambani ndi tsache ndi kansalu kouma musanakhudze madzi, chifukwa fumbi likanyowa limasanduka matope ofuna ndowa ina.

Pa mankhwala, ambiri timagula mabotolo ochuluka kuposa ntchito yake. Sopo wa ufa ndi madzi ofunda amachotsa litsiro la pansi, la m'makoma a penti ya mafuta ndi mwaye umene umabwera magetsi akazima n'kumaphikira pa nkhuni kapena pa parafini. Phulusa losefa limawalitsa mapoto mofanana ndi Vim, kungoti limakanda ziwiya zopakidwa zosamatirira. Viniga amasungunula zoyera zimene madzi a pamjigo amasiya m'ketulo ndi pamipopi. Soda amachotsa fungo m'firiji imene yakhala ikuzima ndi kuyaka. Jik ntchito yake ndi kupha tizilombo ndi chuku, osati kuchotsa litsiro, choncho amabwera pambuyo pa sopo. Kapu imodzi m'malita 10 a madzi ozizira ndi yokwana kupukutira pansi, m'bafa ndi m'chimbudzi, ndipo osakanizawo agwire ntchito tsiku lomwelo chifukwa akagona amatha mphamvu. Jik asakumane ndi viniga, mankhwala otsukira m'chimbudzi kapena chilichonse chokhala ndi amoniya. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wotsamwitsa, ndipo m'kabafa kopanda windo munthu amakomoka asanafike pachitseko.

Zoyamba kutsukidwa m'nyumba zisakhale makatani ayi, zikhale zigubu, ndowa ndi thanki yosungira madzi akumwa. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inadwalitsa anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, ndipo mu Sepitembala 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro. Suzumirani m'chigubu chanu padzuwa. Ngati pansi pake pali zobiriwira kapena poterera, ikanimo timiyala tating'ono, sopo ndi madzi pang'ono, khutchumulani mwamphamvu, tsukuluzani, thiranimo madzi a Jik kwa kanthawi, kenako tsukuluzaninso ndi madzi abwino. Chivindikiro chisaiwalike, ndi chimene manja a aliyense amagwira.

Nanga agwire ndani? Banja lokha silidya ndalama, koma ntchito imakonda kugwera mayi ndi ana aakazi pomwe anyamata angochotsa sofa n'kusowa. Zokwera, zokoka ndi zosenza madzi zigawidwe dzulo lake, aliyense adziwe yake. Waganyu amathandiza pa mabulangete ndi pabwalo, bola mugwirizane mtengo ntchito isanayambe ndipo mumupatse magolovesi ndi chakudya. Makampani otsuka masofa ndi makapeti ndi makina amagwira ntchito yooneka, koma amafuna magetsi ndi madzi anu omwe, ndiye funsani zimenezo asanabwere. Imene ndimaikonda ine ndi chipereganyu: mabanja atatu kapena anayi, Loweruka lino kwa uyu, linalo kwa uyo. Mawadiropu amasuntha mosavuta, ndipo agogo okhala okha amalowetsedwa pamndandanda popanda kuwachititsa manyazi. Zinyalala zotuluka pa ntchito yotere n'zambiri, choncho ndi bwino kuyandikiza ku Lachisanu loyamba la mwezi, lomwe kuyambira Disembala 2018 ndi tsiku losesa dziko lonse. Zisatayidwe m'ngalande, chifukwa madzi ake adzabwerera pakhomo panu pomwe.

Khoma ndi pansi

Nyumba ikayera, maso amayamba kufuna kukongola, ndipo chimene chimasintha chipinda kwambiri pa ndalama zochepa ndi khoma. Laimu ndiye wotsika mtengo. Amasungunulidwa m'madzi mpaka apyapyale ngati mkaka, amapakidwa pakhoma lonyowetsedwa pang'ono, ndipo musadandaule akamaoneka ngati sanagwire, amayera akauma. Amalola khoma kupuma ndipo chuku sichimukonda, choncho ndi woyenera khoma la chinyezi, chimbudzi chapanja ndi mpanda. Kuipa kwake amadetsa zovala za wotsamira, sagwira pamwamba pa penti yakale, amafuna kubwereza chaka ndi chaka, ndiponso amaotcha maso ndi khungu popaka.

Penti ya madzi, imene m'masitolo amaitcha PVA, ndi ya pabalaza ndi kuchipinda. Imauma msanga, fungo lake silikhalitsa, burashi imatsukidwa ndi madzi. Powerengera, chipinda cha mamita 3 mbali zonse, khoma lotalika mamita 2.5, chili ndi malo opaka okwana masikweya mita 30, ndipo mukachotsa chitseko ndi windo amatsala pafupifupi 27. Lita imodzi pakhoma losalala imapaka masikweya mita 8 mpaka 10, ndiye kupaka kawiri kumadya malita pafupifupi 6, moti chitini cha malita 5 sichikwana, mwinanso kuposerapo ngati khoma ndi lokhakhala. Wogulitsa akakuuzani kuti muthire madzi ambiri kuti ichuluke, dziwani kuti mudzapaka katatu. Penti ya mafuta ndi yodula, imanunkha masiku angapo ndipo imatsekera chinyezi m'khoma, koma imapukutika. Malo ake ndi zitseko, mafelemu a mawindo, kuseri kwa chitofu ndi m'munsi mwa khoma la m'njira yopita kuzipinda. Agogo athu ankapaka ya mafuta yakuda pang'ono kuchokera pansi kufika m'chiuno, pamwamba n'kupaka yoyera, ndipo nzeru imeneyo ikadagwirabe ntchito m'nyumba ya ana aang'ono.

Pa mtundu, zipinda za m'malokeshoni n'zazing'ono ndipo mawindo ake ndi ochepa, komanso magetsi amazimazima. Khoma loyera kapena lotuwira chachikasu limabweza kuwala kwa kandulo ndi kwa kagetsi ka sola, pomwe lobiriwira kwambiri kapena lofiira limakumeza. Amene akufuna mtundu wolimba apake khoma limodzi lokha, loyang'anizana ndi chitseko.

Pansi pa simenti yofiira yopakidwa Cobra ndi pamene ambirife tinakulira, ndipo sindikuona chifukwa chopanyozera. Pamazizira bwino mu Okutobala, sipasunga fumbi, ndipo chitini chimodzi chimakhalitsa. Chinsinsi chake ndi kupaka pang'ono pansi pouma, kudikira, kenako kukwecha ndi burashi mpaka nkhope ioneke. Ochulukitsa polishi amapeza pansi pomata, pogwira fumbi ndi poterera kwa okalamba. Kapeti ya pulasitiki yogula pa mita imabisa simenti yokumbika ndipo wa lendi amaipinda posamuka, koma madzi akalowa kunsi kwake amakhala komweko n'kuyamba kununkha, mphemvu n'kupeza pogona, choncho iyenera kutukulidwa mu Meyi. Matailosi ndi okhalitsa ndi osavuta kukolopa, koma ndi a mwini nyumba, amazizira kwambiri mu Juni, ndipo osalala kwambiri aja ndi oopsa m'bafa ndi pakhonde la mvula. Kapeti yaubweya yodzaza chipinda chonse sindiilimbikitsa mumzinda wa fumbi ndi madzi osowa. Mphasa kapena mkeka pakati pa balaza zimagwira ntchito yomweyo, ndipo mumangozitulutsa n'kuzikuntha.

Nsalu, matabwa ndi za pakhoma

Makatani ali ndi njira zitatu. Osokeratu a m'sitolo ndi ofulumira koma kawirikawiri sagwirizana ndi windo lanu. A m'mabelo, ngati amene amapezeka kumsika wa Mupedzanhamo, amakhala a nsalu yolemera pa mtengo wabwino, kungoti muyenera kuwatambasula padzuwa kuti muone pamene anapsa ndi dzuwa la kwa eni ake oyamba, ndipo achapidwe ndi madzi otentha asanalowe m'nyumba, pa chifukwa cha nsikidzi chija. Njira yachitatu ndi kugula nsalu n'kupita nayo kwa telala. Muyeso wake ndi wakuti m'lifupi mwa nsalu mukhale kamodzi ndi theka kapena kawiri ka windo, kuti katani lichite mapinda. Chitsulo chopachikira chikwere pamwamba pa windo ndi kupitirira m'mbali, kuti masana katani likakokedwa galasi lonse likhale poyera. Zitenje ziwiri za mtundu umodzi zimakwana windo laling'ono, koma dzuwa la Harare limazisuwitsa msanga ngati mulibe nsalu yoyera kuseri. Ine chitenje ndimachikonda kwambiri pa mapilo a pasofa ndi pa tebulo, pomwe chimasintha chipinda ndi nsalu yochepa, ndipo chikatopa mumasokanso china.

Mipando ambiri timagula kwa akalipentala a ku Glen View Area 8 kapena tizitsulo ku Siyaso, ndipo kumeneko maso okha sakwana. Sofa yokongola kunja ingakhale ndi matabwa aawisi m'kati. Itembenuzeni muone kunsi, khalanipo, igwedezeni. Kalipentala woona mtima sakwiya mukamufunsa kuti, "Achimwene, thabwa ili ndi paini kapena ndi la utuchi?" La utuchi woumba ndi lotsika mtengo koma likangonyowa m'munsi limafufuma osabwereranso, choncho m'nyumba yokolopa tsiku lililonse lifunika miyendo yolikweza. Paini ndi wopepuka ndipo amakonzeka akathyoka. Mlombwa ndi wa moyo wonse. Ngati m'nyumba muli tebulo lakale la mlombwa la agogo, musalisinthanitse ndi chonyezimira cha masiku ano. Lipaleni ndi sandipepa, lipakeni vanishi, lidzaposa chilichonse chimene mungagule.

Kukongoletsa kwina sikufuna kugula kanthu, kumafuna kuchotsa. Mabalaza athu ambiri ndi odzaza: kabati yaikulu yodzadza mbale zosadyera, makalendala a zaka zitatu, maluwa apulasitiki otuwa ndi fumbi, sofa ya anthu asanu ndi awiri m'chipinda cha mamita 3. Chilichonse mwa zimenezi chimafuna kupukutidwa mu Ogasiti. Zithunzi za banja zikasonkhanitsidwa pakhoma limodzi, m'mafelemu ofanana, pa msinkhu wa maso a munthu woimirira, zimaoneka bwino kuposa zomwazikana pafupi ndi denga. Malichero awiri kapena atatu osiyana kukula opachikidwa pamodzi, mtsuko pakona, kalilole woyang'anizana ndi windo kuti abweze kuwala, n'zokwana. Pakhonde, zitini za penti zomwe zatha zibooledwe pansi n'kudzalamo alovera, tsabola kapena anyezi wa masamba, zomwe zimapirira ludzu ndipo zimakhutira ndi madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba. Mbale zoikira kunsi kwa zitinizo zisasunge madzi m'dzinja, udzudzu ungaswane.

Ambiri mwa ife tikuchita lendi, chipinda chimodzi kapena ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni. Kwa wa lendi, ndalama ipite ku zinthu zimene zidzakwere naye lole posamuka: makatani, mphasa, mashelefu oima okha, kalilole, nyale ya sola yotchaja. Katani lolemera lopachikidwa pa waya limagawa chipinda chimodzi kukhala pogona ndi pochezera popanda kukhoma njerwa, ndipo masutikesi ndi mabokosi a pansi pa bedi amasunga zovala za chisanu kuyambira Sepitembala mpaka Epulo. Matailosi, siling'i ndi makabati okhomera kukhoma ndi mphatso kwa landilodi. Penti yokha ndi imene ingakambidwe, chifukwa khoma lakuda limakhumudwitsa wokhalamo tsiku lililonse. Musanatsegule chitini pitani kwa eni nyumba mukagwirizane mtundu, ndiponso ngati mtengo wake uchotsedwe pa lendi ndi mwezi uti. Zimene mwagwirizanazo zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pokha, ndipo lisiti la penti mulisunge.